Amene Anayankha ku Diamphwe

Lachisanu limenelo magetsi anathima dzuwa lisanalowe, motero Ethel anasita malaya a bandi ndi simbi ya makala. Malayawo anali asanu, achikasu, kumsana kwake kuli chithunzi cha chimanga ndi mawu akuti "Gayitsani ku Mitundu". Pakhonde, mlongo wake wamng'ono, Chipulumutso, ankamanga nsambo yatsopano pa gitala. Ankaikoka pang'ono, kuiliza, kupendeketsa mutu, n'kuikokanso.

"Achemwali, kolala yanga musaiwotchenso ngati ulendo uja."

"Ngati umadziwa kusita, simbi ndi iyi."

"Manja awa ndi odyetsa anthu. Akapsa mudzalira ndinu."

"Odyetsa ndani? Sopo wa m'nyumba muno amagula ndani?"

Chipulumutso anaseka, naliza nsambo ija mpaka inafika pamene ankafuna. "Mawa ku Diamphwe tinyamuka naini koloko. Mulawirire."

"Mawa sindipita. Ndili ndi mapepala a mayeso oti ndichonge, Lolemba ahedi akuwafuna."

"Inu kujomba? Nanga ndalama atilandirira ndani? Esau akazigwira amayamba kugulira anthu zakumwa."

"Ulandire iweyo. Wakula."

Anamupatsa malaya ake akadali otentha. Iye anawanunkhiza, nati akununkha utsi, n'kuwakoleka pa msomali kuseri kwa chitseko. Ethel amazikumbukira zonsezi chifukwa palibe china chimene chinachitika tsiku limenelo.

Ethel anali mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale pa Nathenje. Makolo awo atamwalira, Chipulumutso anakulira m'manja mwake, ndipo gitala yoyamba anamugulira ndi iyeyo. Bandi ya Mkokomo inali ya anyamata asanu, koma foni yake inali ya Ethel. Ofuna oyimba pa ukwati, pa chinkhoswe kapena potsegulira sitolo ankayimbira iye, iye n'kulemba tsiku ndi malo m'kabuku kake kobiriwira. Zaka ziwiri zoyamba anyamatawo ankachita kubwereka masipika ndi jenereta, ndipo akalipira eni ake, zotsala zinkathera pa minibasi.

Kenako kunabwera a Chigayo. Ndi momwe aliyense ankawatchulira, chifukwa anali ndi chigayo chachikulu pa Mitundu. Anali bambo wofatsa, wovala jekete lakuda ngakhale mu Okutobala, wolankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi. Anagulira bandi masipika awiri, jenereta, malaya achikasu aja, ndipo lole yawo inkanyamula zida kupita kulikonse. Ethel, pokhala mphunzitsi, anaumirira kuti pangano lilembedwe. A Chigayo anaseka, anakana kawiri, koma pomaliza anatulutsa chiphaso chawo, iye n'kukopera mayina awo onse atatu m'kabuku kobiriwira kaja.

A Chigayo anapempha zinthu ziwiri zokha. Choyamba, dzina lawo lisatchulidwe pa maikolofoni. "Muzitchula chigayo, ine sindikonda kutchuka," anatero. Chachiwiri, pa dansi iliyonse dalaivala wawo ankabweretsa kapepala ka mayina a anthu ogayitsa kwa iwo, kuti Esau, woyimba wamkulu, awatchule m'nyimbo yomaliza. Wotchulidwa ankakuwa kuti "Ndilipo!" n'kubwera kutsogolo akuvina, kudzalandira chitenje kapena kakhadi kogayitsira ulere. Anthu ankazikonda kwambiri. Ena ankabwera ku ukwati wa anthu osawadziwa pofuna kungomva ngati atchulidwe.

Nthawi zina wotchulidwa sankapezeka. Nyimbo ikafika pamenepo inkakhala ngati yagwera m'dzenje, ndiye anyamatawo anapeza njira yawo. Dzina likapanda mwini, Chipulumutso ankayankha pa maikolofoni yachiwiri, nthawi zina ndi mawu a nkhalamba, nthawi zina a mtsikana wamanyazi, anthu n'kumaseka, nyimbo n'kupitirira.

Chaka chimenecho kudera kumeneko kunachitika maliro atatu odabwitsa. Woyamba anali Zakeyu, wakabaza wa pa Nathenje, munthu wamphamvu amene ankakweza matumba awiri pa njinga. Anadandaula mutu Lamlungu, Lolemba lilime linalemera, Lachitatu anamwalira. Anatsatira Masozi, mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, kenako Efulemu, mlimi wa fodya. Onse anadwala mofanana, ndipo kuchipatala sanapeze malungo kapena china chilichonse. Adzukulu onyamula maliro ankanong'onezana kuti mabokosiwo anali opepuka, ngati muli thunthu la nthochi. Amayi kumjigo anayamba kutchula za ndondocha, anthu amene amaoneka ngati amwalira pamene atengedwa kukagwirira wina ntchito, lilime atawadula kuti asanene. Ethel ankamva zimenezi n'kungodutsa. Iye ankaphunzitsa sayansi ku Sitandade 7.

Chipulumutso anabwera kuchokera ku Diamphwe Lamlungu m'mawa. Anaika ndalama pa tebulo, nakoleka gitala pakhoma, nati ali ndi nkhani yoseketsa koma anena akadzuka, mutu ukumuwawa. Sanainene. Lolemba mawu ake anayamba kutuluka ngati ali ndi chakudya m'kamwa. Ethel anamutengera kuchipatala, anamuyeza magazi, nawabweza ndi panado. Lachiwiri ankangomuyang'ana mchemwali wake, akuloza chitseko, iye n'kumaganiza kuti akufuna mphepo, namutsegulira. Lachitatu masana, ana asukulu akuweruka, Chipulumutso anamwalira.

Pamaliropo, a Chigayo anagula bokosi, anatumiza lole ndi matumba awiri a ufa. Anakhala pakati pa amuna, chipewa chili pabondo. Ponyamula bokosi, Ethel anaona Esau ndi woyimba ng'oma akuyang'anizana. Anaona, koma sanafunse.

Zida za bandi zinkasungidwa kunyumba kwa Ethel, m'chipinda chimene Chipulumutso ankagona. Patatha sabata, Ethel akuchonga makope masana, anamva kulira kwapansipansi kuchokera m'chipindamo, ngati njuchi zili m'mphika. Analowa. Mawaya onse anali okulungidwa pa msomali, jenereta ili pakona yozizira. Koma atagwira sipika, inkanjenjemera pang'ono, ndipo kulirako anakuzindikira. Kunali kulira kwa chigayo chikamamveka patali. M'chipindamo munkanunkha ufa wotentha, wongotuluka kumene m'makina. Atachotsa dzanja, zala zake zinali zoyera.

Anapukuta sipikayo ndi kansalu, natseka chitseko. Mawa lake ufa unaliponso.

Tsiku limene analimba mtima kuti achape zovala za malemu, anapeza malaya achikasu pa msomali uja kuseri kwa chitseko. M'thumba munali kapepala kopindidwa kanayi. Mayina anayi anali olembedwa ndi bolopeni. Lachisanu linali lolembedwa ndi chinthu chakuda ngati khala, ndipo linali lake: Ethel Namaseko.

Anaitanitsa Esau. Anabwera, nakhala pansi pakhonde, ngakhale mpando unalipo.

"Dzina ili unalitchula?"

"Ndinalitchula, aphunzitsi. Timayesa abwana akukulemekezani."

"Anayankha ndani?"

Esau anayang'ana zala zake. "Mukudziwa m'mene ankachitira Chipu. Anayankha ndi mawu anu. Anaika dzanja m'chiuno ngati m'mene mumaimira pa asembule. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Kapepalako anakabisa kuti adzakuonetseni, dalaivala anakafunafuna mpaka kukwiya."

"Unatchula kangati?"

"Katatu. Lachisanu likakhalapo, dalaivala amati titchule katatu."

"Likakhalapo?"

"Masiku ambiri mayina amakhala anayi."

Ethel analowa m'nyumba, natuluka ndi kabuku kobiriwira. Anauza Esau kuti akumbukire madansi amene panali dzina lachisanu. Esau anatchula ukwati wa pa Nathenje mu Meyi, kutsegulira sitolo mu Julaye, ndi chinkhoswe china mu Sepitembala. Ethel anafunsa mayina. Esau anatsegula pakamwa, natchula Zakeyu, nasiyira pomwepo. Enawo sanafunikenso kuwatchula.

"Mayo ine," anatero Esau motsitsa. "Ndiye kuti ndi pakamwa panga."

"Eni mayinawo ankapezeka nthawi zonse?"

"Nthawi zonse. Inu nokha ndi amene munajomba."

Ethel anatseka kabuku. Zaka zitatu sanajombepo dansi ngakhale imodzi, ndipo a Chigayo ankadziwa zimenezo.

Lachitatu lotsatira anapempha chilolezo kwa ahedi, nakwera ulendo wa ku Mitundu. Ankafuna kukanena kuti lole ibwere idzatenge zida zonse. Chigayo chinali kuseri kwa sitolo, amayi atandanda ndi mabeseni awo. Makina ankalira mosalekeza, koma wogwira ntchito wooneka anali mmodzi, wokhala pakhomo polandira ndalama. Matumba odzaza ankatulukira pa kazenera ka chipinda chamkati, chimene chitseko chake chinali ndi loko kunja.

A Chigayo anamulandira mwaulemu, namupatsa mpando mu ofesi yawo.

"Pepani ndithu, aphunzitsi. Mnyamata uja sanayenera kupita. Zinalakwika."

Ananena mawu amenewa ngati munthu wodandaula kuti thumba lapita kwa mwini wolakwika.

"Ndabwera kuti mudzatenge zida zanu, bambo."

"Pangano lathu ndi la chaka, munalemba nokha. Komanso Loweruka kuli ukwati kuno, anthu analipira kale, mkwatibwi akuyembekeza Mkokomo. Muwachititse manyazi?" Anamwetulira. "Nanunso mudzakhalepo. Bandi yopanda inu imalakwitsa zinthu."

Ethel anadzuka, natuluka. Akudutsa pafupi ndi kazenera kaja, pansi pa phokoso la makina anamva wina akung'ung'udza nyimbo. Inali nyimbo imene Chipulumutso ankapeka mwezi womaliza, yosatha, imene sanaiyimbepo pagulu. Kung'ung'udzako kunasiya. Kenako mawu olemera, ovutika kutuluka, anati, "Achemwali."

Miyendo yake inaima yokha. Moyo wake wonse mawu amenewo akaitana iye ankayankha, kaya ali m'tulo, kaya wakwiya. Yankho linakwera mpaka pakhosi. Pakhomo la ofesi a Chigayo anali ataima, mutu atapendeketsa, akudikira. Ethel analuma mlomo mpaka anamva magazi, nayenda osacheuka. Mu minibasi mayi wina anamupatsa kansalu kuti apukute pachibwano, osamufunsa kanthu.

Akanatha kujombanso Loweruka. Anaganiza zimenezo masiku awiri. Koma kapepala kakanabwerabe, ndipo Esau akanakana kutchula, a Chigayo akanapeza bandi ina, pakuti anyamata oyimba ofuna masipika ndi ambiri kuyambira pa Nathenje mpaka ku Diamphwe. Ndipo m'chipinda cha loko chija munali mwana amene iye anamulera, amene analowamo chifukwa cha mapepala a mayeso.

Ukwati unachitikira pabwalo, pansi pa matenti awiri, dzuwa likuswa mtengo. Anyamata anayimba anayi, opanda gitala. Esau anaimikabe maikolofoni yachiwiri pamalo pake, yopanda waya, nati sangathe kuyimba mbali imeneyo ili pululu. A Chigayo anakhala kutsogolo pa mipando ya alendo olemekezeka, jekete lakuda lili pathupi, botolo la chakumwa lili m'manja.

Perekaniperekani atatha, dalaivala anabweretsa kapepala. Ethel anatambasula dzanja asanafike kwa Esau. "Ndimupatsa ndine," anatero. Dalaivala anayang'ana kwa abwana ake, iwo anagwedeza mutu, osadera nkhawa.

Mayina anali asanu. Lachisanu linali lomwe lija, lolembedwa ndi khala.

Ethel anapita kuseri kwa sipika, natulutsa bolopeni yake yofiira yochongera. Anakhwatcha dzina lake ndi mzere umodzi, monga amakhwatchira yankho lolakwika. Anatsegula kabuku kobiriwira patsamba la pangano, nakopera pamwamba pake mayina atatu aja, chilembo ndi chilembo. Ankadziwa kuti zimene akuchitazo sakanatha kukazinena kwa abusa.

Esau atawerenga, nkhope yake inachita thukuta.

"Aphunzitsi, ameneyu ndani?"

"Tchula katatu."

Nyimbo yomaliza inayamba. Mayina anayi anapeza eni ake, anabwera akuvina, amayi akululutira. Kenako ng'oma inatsika monga mwa nthawi zonse, ndipo Esau anakweza mawu.

"Gilibati Yotamu Chimkwende!"

Anthu anayang'anayang'ana. Palibe amene ankalidziwa dzinalo. A Chigayo okha anasiya botolo lili m'mwamba, lisanafike pakamwa.

"Gilibati Yotamu Chimkwende!"

Anaika botolo pansi pang'onopang'ono, natseka pakamwa ndi dzanja lonse. Maso awo anapeza Ethel. Munalibe mkwiyo m'masomo, munali kudabwa kwa munthu amene waiwala kuti anasainapo pepala.

Esau anatchula kachitatu. Woyimba ng'oma anasiya, kiyibodi inasiya, jenereta nayo inatsokomola n'kuzima. Pabwalo panagwa chete. Fungo la ufa wotentha linadzaza m'matenti, mpaka mkwatibwi anaphimba mphuno. Masipika, opanda magetsi, anayamba kulira kwapansipansi kuja. Ndipo kumbali ya maikolofoni yopanda waya kunamveka mawu olemera.

"Alipo."

Anatsatira mawu ena, a mwamuna, kenako a mkazi, kenako enanso, onse ovutika kutuluka. "Alipo. Ali apa."

A Chigayo anadzidzimuka ngati wina wawagwira paphewa. Anacheuka kumbuyo, kumene kunalibe munthu, dzanja n'kuchoka pakamwa.

"Ee?" anatero.

Aliyense anamva. Iwonso anadzimva. Anadzuka, nayamba kuyenda, osati kulowera ku galimoto yawo, koma kudutsa pakati pa mipando kutulukira kumsewu wa ku Dzalanyama. Ankayenda mowongoka, mofulumira pang'ono, ngati munthu amene akumuperekeza. Anthu anapatuka. Kumsana kwa jekete lakuda lija kunali zidindo za manja zoyera, zinayi.

Dalaivala anawathamangira, koma anabwerera yekha, ndipo mawa lake nayenso sanaonekenso pa Mitundu. Owotcha makala ena anati anaona bambo wovala jekete akulowa m'nkhalango, ena anati sanaone kanthu. Achibale atathyola loko wa chipinda chamkati cha chigayo, anapezamo mbale zinayi za pulasitiki ndi mphasa imodzi. Chigayocho sichinagayenso.

Bandi ya Mkokomo inatha mwezi womwewo. Masipika anawasiya pakhonde la chigayo, ndipo anakhala pomwepo mpaka mvula inawaononga, popanda wowaba. Esau tsopano amagulitsa mbatata pa Nathenje, ndipo ngakhale kutchalitchi sayimba. Foni ya Ethel inkalirabe kwa miyezi ingapo, anthu akufunsa ngati Loweruka lakutilakuti bandi ili ndi mpata. Iye ankayankha mwaulemu kuti ayi.

Amaphunzitsabe sayansi ku Sitandade 7. Akamaitana mayina m'mawa, mwana akajomba, salola mnzake kumuyankhira, ngakhale mongoseka. Ana amadziwa kuti ndi chinthu chokhacho chimene chimawakwiyitsa aphunzitsi Namaseko.

Fungo la ufa linachoka m'nyumba limodzi ndi masipika. Gitala idakali pakhoma pamene mwini wake anaikoleka Lamlungu lija, ndipo palibe amene anaigwirapo. Padutsa dzinja kawiri, nsambo zake sizinachite dzimbiri. Loweruka lililonse m'mawa, pamene pamagwira zala pamakhala ufa pang'ono.